Nella ndi Njinga Yolira

Nkhani iyi anandiuza ndi mayi Zita. Iwo amagulitsa madzi a zipatso pamchenga, pachilumba chathu cha La Digue. Tsiku limenelo miyendo yanga inali itatopa. Ndinakhala pabenchi lawo. Iwo anayamba kusimba, uku akusenda mango.

Panali mtsikana wina dzina lake Nella. Anali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Kwawo kunali ku Mahe, chilumba chachikulu. Bambo ake anabadwira kuno ku La Digue. Koma Nella anali asanafikeko.

Tsiku lina anabwera paboti ndi bambo akewo. Nella anali ndi phukusi m'manja. Linali lokulungidwa m'pepala lakhaki. M'phukusimo munali kadiresi koyera.

Kanali kadiresi ka ubatizo. Kanali kakale kwambiri. Mwana aliyense wa m'banja mwawo amabatizidwa atavala kadiresi kameneko. Ndipo m'banjamo muli lamulo. Amene anakavala komaliza, ndiye amakapereka kwa khanda latsopano. Amapereka ndi manja ake.

Womaliza kukavala anali Nella. Tsopano azakhali ake, a Odil, anali ndi khanda. Dzina lake linali Remi. Remi ankabatizidwa tsiku lomwelo, 3 koloko masana.

"Bambo, inunso munavala kadiresi kameneka?" anafunsa Nella.

"Ndinavala," anayankha bambo. "Koma usauze anzanga."

Boti linafika padoko. Nella anaona njinga. Njinga apa, njinga apo, njinga paliponse. Magalimoto anali ochepa. Ana anali panjinga. Agogo anali panjinga. Alendo ovala zipewa zazikulu analinso panjinga.

Bambo anabwereka njinga ziwiri. Ya Nella inali yabuluu. Kumbuyo kwake kunali basiketi yofiira. Nella anaika phukusi lake m'basiketimo.

Anaima pasitolo kuti agule buledi. Anatsamiritsa njinga zawo pakhoma. Panali njinga zina zambiri.

"Bambo, sitikiya?" anafunsa Nella.

"Kuno njinga sitikiya," anatero bambo. "Wakuba angapite nayo kuti? Uku ndi nyanja, ukonso ndi nyanja."

Atagula buledi anatuluka. Nella anaona njinga yabuluu. Inali ndi basiketi yofiira. M'basiketimo munali phukusi lakhaki. Anakwera n'kuyamba kupalasa.

Kwii, kwii, kwii.

Njinga ija inkalira. Nella anadabwa pang'ono. Koma maso ake anali pa zina. Ankaona mitengo ya kokonati. Ankaona nyumba za alendo zofolera ndi masamba. Bambo anali patsogolo, akupatsa moni aliyense.

Kwii, kwii, kwii.

Anafika kunyumba ya azakhali, pafupi ndi tchalitchi. Azakhali anali kukhitchini. Anaitana asanatuluke.

"A Marsel, mwatipeza! Dikirani pang'ono, ndikubwera."

Atatuluka anaona Nella. Anamukumbatira. Kenako anayang'ana njinga.

"Nella mwanawe, njinga ya a Marsel, asodzi aja, waitenga kuti?"

"Ndi yanga, azakhali."

"Si yako ayi. Njinga yolira chonchi ilipo imodzi yokha pachilumba pano."

Nella anatenga phukusi m'basiketi. Analitsegula. Munalibe kadiresi. Munali chinangwa chophika ndi nsomba yamchere.

Nella anali atatenga njinga ya mwini. Njinga yake inatsala pasitolo. Kadiresi kanatsala komweko.

"Usalire," anatero azakhali. "Zimenezi kuno zimachitika tsiku ndi tsiku. Wina akatenga yako, iwe umatenga yake. Madzulo njinga iliyonse imabwerera kwawo."

"Koma ubatizo si wamadzulo," anatero Nella.

Azakhali anayang'ana Remi. Kenako anati, "Timuveka kamalaya kena." Ananena akumwetulira. Koma maso awo sanamwetulire.

"Sindingadikire madzulo," anatero Nella. "Ndalakwitsa ndine. Ndikakatenga."

Bambo anakanda mutu. "Chabwino," anatero. "Ine ndipita kunyumba kwa a Marsel. Iwe bwerera kusitolo. Msewu ndi umodzi, sungasochere. Nyanja ikakhala kumanzere kwako, ndiye kuti ukupita. Ikakhala kumanja, ndiye kuti ukubwerera kuno. Wamva?"

"Kumanzere ndikupita. Kumanja ndikubwerera."

"Eya. Belu la tchalitchi lisanalire, ukhale utafika."

Nella anakulunganso chinangwa cha mwini. Anachibwezera m'basiketi. Anakwera.

Kwii, kwii, kwii.

Nyanja inali kumanzere. Nella anapalasa. Anafika pasitolo. Anayang'ana njinga imodziimodzi. Iyi yakuda. Iyi yobiriwira. Iyi yabuluu, koma yopanda basiketi. Yake panalibe.

Pafupi ndi sitolo panali bambo wina wokonza njinga. Dzina lawo linali a Klod. Manja awo anali bii ndi mafuta. Sanadzutse mutu.

"Marsel, wabwera nacho chiphokoso chakocho?" anatero.

"Si a Marsel ayi. Ndine Nella."

A Klod anadzutsa mutu. Anaseka. "Ndimati mdala uja wasanduka kamtsikana. Ndiwe mwana wa ndani?"

Nella anafotokoza zonse.

"Usavutike," anatero a Klod. "Madzulo njinga iliyonse imabwerera kwawo."

"Sindingadikire madzulo," anatero Nella. "A Marsel apita kuti?"

"Wapita uko, kupitirira doko. Wakwera njinga yabuluu, galu wake ali pambuyo. Sakudziwa n'komwe kuti si yake."

"Sakudziwa bwanji? Yangayo silira."

"Marsel makutu anatha kalekale. Chilumba chonse chimamva njinga yake. Iye yekha ndiye saimva. Ndamuuza kakhumi kuti abwere ndiithire mafuta. Amati ilibe vuto."

Kenako a Klod anasiya kuseka. Anapukuta manja.

"Wati kadiresiko ndi koyera?"

"Koyera mbee."

"Tamvera, mwanawe. Marsel wapita kukagwira zuriti."

"Zuriti n'chiyani?"

"Mwana wa m'tauni iwe. Umangoidya osaidziwa? Ndi ija ya m'nyanja, ya miyendo isanu ndi itatu. Imalavula madzi akuda ngati inki. Marsel amaigwira nyanja ikaphwa. Madzi akayamba kubwerera, amatuluka. Akatuluka, amaponya zuriti zake m'basiketi. Sayang'ana n'komwe."

Nella anaganiza za kadiresi koyera. Anaganiza za madzi akuda.

"Madzi abwerera nthawi yanji?"

A Klod anayang'ana kunyanja. "Ayamba kale."

Nella sanafunsenso. Anakwera.

Kwii, kwii, kwii.

Nyanja inali kumanzere. Dzuwa linali pamutu. Nella anadutsa nyumba za alendo. Anadutsa malo odyera. Fungo la nsomba yowotcha linamutsatira. Mimba yake inalira. Iye sanaime.

Anafika pachitunda. Njinga inalemera. Miyendo inakana. Nella anatsika n'kuyamba kukankha. Anakankha, nakankha, nakankha. Thukuta linalowa m'maso. Atafika pamwamba anakweranso.

Kumunsi kunali mchenga woyera. Alendo anali atagona pamchengapo. Ena anali atapsa ndi dzuwa, misana ili psuu. Ena ankasambira.

Pakati pa msewu panali chinthu chachikulu. Nella anayesa mwala. Mwalawo unatulutsa mutu. Anali kamba. Anali wamkulu kuposa beseni lochapira. Ankadya tsamba pang'onopang'ono.

Nella anali asanaonepo kamba wotere. Ankafuna kumugwira khosi. Ankafuna kukhala naye tsiku lonse.

"Pepani agogo," anatero kwa kamba. "Lero ndili pachangu. Ndidzabwera mawa."

Anamulambalala n'kupitirira.

Pansi pa mtengo panali kamsasa. Pamenepo ndi pa mayi Zita, amene anandiuza nkhaniyi. Iwo anamva kulira kwa njinga. Anasuzumira.

"Ndimadabwa," anatero mayi Zita. "A Marsel adutsa pano mwakachetechete ngati mphaka. Ndimati lero kugwa mvula. Kani kulira kwawo kwatsala m'mbuyo."

Nella anafotokoza zonse, akupuma mothamanga.

"Khala pansi, mwana wanga. Madzulo njinga iliyonse..."

"Sindingadikire madzulo, mayi."

Mayi Zita anamuyang'ana. Anatenga kokonati. Anaidula pamwamba. Anamupatsa.

"Imwa uli chiimire, popeza kukhala wakana."

Nella anamwa. Madzi ake anali ozizira.

"A Marsel amagwira zuriti pati?" anafunsa.

"Palibe amene amadziwa. Malo awo amabisa. Ngakhale akazi awo sawadziwa. Ndi kwinakwake uko, kumene msewu umathera. Njinga amaibisa m'tchire."

"Ndikawaitana."

"Ukaitane mpaka mawu athe. Samva."

Nella anabweza kokonati. "Zikomo, mayi. Ndipitabe."

Kwii, kwii, kwii.

Nyanja inali kumanzere. Nyumba zinachepa. Alendo anachepa. Panali miyala ikuluikulu ngati nyumba. Mafunde ankaimenya. Phwaa. Phwaa. Madzi ankabwera.

Chitunda china. Nella anakankha. Kutsetsereka kwina. Nella anagwira mabuleki. Mchenga unali utakwirira msewu. Tayala linaterera. Nella anagwa. Bondo linasupuka pang'ono. Analiyang'ana. Analipemerera. Anadzuka.

Kenako msewu unatha.

Kutsogolo kunali miyala. Kumanja kunali tchire. Kumanzere kunali nyanja. Tinjira tinali tambiri. Kanjira aka kankalowa m'tchire. Kanjira ako kankatsikira kumadzi. Nella sanadziwe koyenera kulowera.

"Agogo Marsel!" anaitana.

Phwaa, anayankha mafunde.

"Agogo Marsel!"

Palibe anayankha.

Nella anakhala pamwala. Bondo linkawawa. Misozi inali pafupi. Anayang'ana nyanja. Miyala ya m'madzi inkamira, umodziumodzi.

Ndiye anaganiza. Azakhali anaidziwa njingayi asanaione. A Klod anaidziwa asanaione. Mayi Zita chimodzimodzi. Aliyense amaidziwa ndi makutu. A Marsel samva. Koma a Marsel ali ndi galu. Galu amamva.

Nella anadzuka. Anakwera njinga. Anayamba kuzungulira pomwepo, pamapeto pa msewu.

Kwii, kwii, kwii.

Anazungulira kamodzi. Palibe chinachitika. Anazungulira kasanu. Palibe chinachitika. Mutu unayamba chizungulire. Iye sanasiye. Anapalasa mwamphamvu.

Kwii, kwii, kwii, kwii, kwii.

Tchire linagwedezeka. Munatuluka kagalu kofiirira. Kanali konyowa, kali mchenga wokhawokha. Kanathamangira njinga. Kanainunkhiza. Kanagwedeza mchira. Kanayang'ana Nella modabwa.

"Mbuye wako ali kuti?" anafunsa Nella.

Kagalu kanauwa kamodzi. Kanatembenuka n'kuthamanga. Nella anakankha njinga n'kukatsatira. Nthambi zinamukwapula. Mchenga unagwira matayala. Iye anakankhabe.

Anatulukira pakagombe kakang'ono, pakati pa miyala iwiri. Pansi pa mtengo panali njinga yabuluu. Inali yake. Phukusi linali m'basiketi.

Pambali pa njingayo panaima agogo ena. Anali onyowa mpaka m'chiuno. M'dzanja lina anagwira kachitsulo kakatali. M'dzanja lina anagwira zuriti zitatu. Madzi akuda ankadontha. Dzanjalo linkapita kubasiketi.

"Agogo, dikirani!"

Agogo sanatembenuke.

Nella anasiya njinga. Inagwa pamchenga. Anathamanga. Anadutsa pansi pa mkono wa agogo. Anatsomphola phukusi. Nthawi yomweyo zuriti zinagwera m'basiketi. Phwata.

Agogo analumpha. "Iwe, ndiwe ndani? Ukulanda chakudya cha nkhalamba?"

Nella anakumbukira kuti samva. Sanayankhe ndi pakamwa. Anatsegula phukusi pang'ono. Anawaonetsa kadiresi. Kenako analoza njinga ija yagwa pamchenga.

A Marsel anayang'ana kadiresi. Anayang'ana njinga iyi. Anayang'ana njinga iyo. Anayang'ana galu wawo.

"Piman," anatero kwa galu, "iwe umadziwa, osandiuza? N'chifukwa chake umandiuwa njira yonse?"

Piman anagwedeza mchira.

A Marsel anayamba kuseka. Anaseka mpaka kukhala pansi. "Ndimati ndikatuluka m'madzi ndidye," anatero. "Bwenzi lero ndikutafuna diresi."

Nella anakatenga phukusi lawo. Anawapatsa. Iwo analinunkhiza. "Ichi ndiye changa," anatero.

Kenako anayang'anitsitsa kadiresi kaja. "Ndikukadziwa aka. Ndi ka kwa Odil. Ubatizo ndi lero?"

Nella anagwedeza mutu. Anakweza zala zitatu.

A Marsel anayang'ana dzuwa. "Nanga taimiranji? Tiye."

Anachotsa zuriti zawo. Anatsuka basiketi ya Nella ndi madzi a m'nyanja. Anayalamo masamba ouma. Koma Nella sanaikemo phukusi. Analilowetsa m'malaya, pamimba. Anamanga lamba.

Tsopano nyanja inali kumanja.

Nella anali patsogolo. Njinga yake sinkalira. A Marsel anali pambuyo, kwii, kwii, kwii. Piman ankathamanga pambali.

Anadutsa miyala ikuluikulu. Anadutsa pa mayi Zita.

"Wakapeza?" anafunsa mayi Zita.

Nella anasisita pamimba. Sanaime.

Anadutsa kamba. Anali akadali ndi tsamba lomwe lija. Pachitunda panaima alendo awiri. Anali ndi mapu m'manja. Anafunsa Nella njira ya kudoko.

"Nyanja ikhale kumanja kwanu," anatero Nella, akuloza ndi dzanja. Ananena ngati mwana wa konkuno.

Anadutsa padoko. A Klod anakweza sipanala m'mwamba. "Marsel, mafuta!" anaitana. A Marsel anangokweza dzanja, akumwetulira.

Anafika kunyumba. Anthu anali atavala kale. Bambo anaima pamsewu, akuyang'ana uku ndi uku. Ataona Nella anapuma kwambiri. Anaona bondo lake. Anaona mchenga m'tsitsi lake. Anangomugwirira njinga.

Azakhali anali pakhonde. Remi anali pamwendo pawo. Anali atavala kamalaya kena.

Nella anatulutsa phukusi. Anagwada. Analipereka ndi manja awiri.

Azakhali analitsegula. Anatambasula kadiresi. Kanali koyera mbee. Koma kumunsi, m'mphepete, kunali kadontho. Kanali kakuda, kakang'ono ngati nyerere. Dontho limodzi linali litaboola pepala.

Nella anazyolika. "Pepani, azakhali. Ndinachedwa pang'ono."

"Tabwera kuno," anatero azakhali. Anatembenuza kadiresi. "Ukuona apa pamene pasokedwa? Anang'amba ndi bambo akowa. Ankaponda ansembe."

"Bodza limenelo," anatero bambo.

"Amayi anatiuza. Nanga apa pachikasu? Ndine, ndinabwezapo mkaka. Aka kabatani kosiyana ndi tinzake? Loyamba unadula ndiwe. Aliyense amasiyapo chake."

"Ndiye kuti ine ndasiyapo ziwiri," anatero Nella.

"Ayi," anatero a Marsel, amene ankaona chala cha Nella chikuloza kadontho. "Chakudacho ndi changa. Kuyambira lero ndine wachibale. Mundipatse mpando wakutsogolo."

Onse anaseka.

Nella anathandiza kuveka Remi. Analowetsa kadzanja aka. Analowetsa kadzanja ako. Remi anagwira chala cha Nella. Sanachisiye.

Nge, nge, nge. Belu la tchalitchi linalira.

Anapita onse pamodzi. Nella anayenda pambali pa azakhali, bondo lili ndi pulasitala. Atabwerako anadya mpunga ndi zuriti yophikidwa m'mkaka wa kokonati. Inali zuriti ya a Marsel. Nella anadya mbale ziwiri. Piman anagona pamapazi ake.

M'mawa mwake Nella anapita kwa kamba uja, monga analonjezera. Asanakwere njinga anamanga kansalu kachikasu pachiwongolero. Anamanga mfundo zitatu.

Apa ndi pamene mayi Zita anathera. Za kadiresi sindikukayika, chifukwa kadontho kaja ndinakaona ndi maso anga. Koma za galu ndikukayika. Mayi Zita amati Piman anamva njinga, mafunde akumenya miyala chonchija. Ine ndikuganiza kuti sanamve kanthu. Ndikuganiza kuti ananunkhiza nsomba yamchere ija m'basiketi.